KODI BWANA AGULA CIANI PA TSIKU LOTILEMBA NCHITO?



Ambiri a ife tidziwa Msheireb cifukwa ca sitima. Pamenepo ndipo pakomana njanji zitatu za mzinda wa Doha, ndipo pa Lacisanu, tsiku lathu lopuma, titsikapo posintha sitima, kapena tikwera kunja kukaona nyumba zoyera zija ndi kuyenda pang'ono kufikira ku msika wa Souq Waqif.

Lacisanu lina, titaweruka ku mapemphero, tinakhala pamthunzi pafupi ndi sitesheni, anthu asanu ndi mmodzi, tirikumwa tiyi. Mmodzi wa ife agwira nchito ku munda wa kumpoto, m'nyumba zija za mapulasitiki m'mene alima matimati ndi nkhaka, ndipo nchito yace ndi kupopera mankhwala. Ponyema iye mkate tinamva pfungo m'manja mwace, pfungo lomwe lija tilidziwa kwathu pa nyengo yopopera thonje. Tinamseka, iyenso naseka. Bwino lace anati, "Acimwene, ndakhala m'banja zaka zinai. Caka ciri conse ndipita ku chuthi, koma kunyumba kulibe kanthu. Apongozi ayamba kulankhula." Kuseka kunatha pomwepo. Wina anafunsa, "Nanga ndarama akupatsani?" Iye anati, "Andipatsa, ndipo sacedwa nazo." Wofunsayo nati, "Tsono mudandaulanji? Munasaina nokha."

Za thupi la mbale wathuyo aweruze ndi dotolo, pakuti zifukwa za kusaona mwana ziri zambiri, ndipo kukhala kutali ndi mkazi miyezi khumi ndi umodzi pa caka ndi cimodzi ca izo. Koma mau aja akuti "munasaina nokha" anatitsata kufikira ku kampu, ndipo ndiwo tifuna kuti tiwalingalire pamodzi lero. Pamene munthu asaina pepala la nchito, kodi wagulitsa ciani? Ndipo ngati nchitoyo imlanda mphamvu yakubala, kapena ibvulaza mwana m'mimba mwa mkazi, kodi malipiro ace alipira zimenezo?

Nyumba ya Bin Jelmood

Pafupi ndi pamene tinakhala pali nyumba yakale yochedwa Bin Jelmood House, imene inatsegulidwa mu 2015 kuti anthu aziphunziramo mbiri ya ukapolo. Mwini wace wakale anali wogulitsa anthu. Tikupemphani mukalowemo tsiku lina. Mudzaonamo za anthu a ku Africa wa kum'mawa amene anatengedwa pa zombo kudzamira m'nyanja kufuna ngale, ndi kudzalima m'minda ya kanjedza. Ife a ku Nkhotakota tidziwa ciyambi ca njira yotere, pakuti m'masiku a Jumbe anthu anaolotsedwa pa nyanja yathu kunka ku Kilwa ndi ku Zanzibar. M'dziko lino ukapolo unathetsedwa mu 1952, ndipo tiyamika eni dziko kuti mbiri imeneyi sanaibise.

Tsono kapolo asiyana bwanji ndi wanchito? Onse awiri atopa, onse awiri ali ndi kapitao. Kusiyana kwace ndi uku: wogula kapolo anagula munthu yense, mikono yace, tulo tace, ndi ana omwe amene adzabala, koma wolemba wanchito agula maola, ndi mphamvu ya munthu pa maola amenewo. Nthawi yoweruka ikakwana, cotsala conse ciri ca mwini thupi, ca banja lace, ndi ca Mulungu amene anamlenga. Ife sitiri akapolo ai. Tinadza tokha, tiri ndi kontrakiti, tilandira malipiro. Cifukwa ca ici tiyenera kusunga malire amenewa ndi maso awiri. Nchito ikapitirira maola athu nikagwira ana athu amene sanabadwe, yatenga cinthu cimene sicinali pa malonda.

Amuna a ku Lathrop

Kapena wina ati tirikuopsa anthu ndi nthano. Imvani tsono cimene cinacitikadi.

M'caka ca 1955 ku America anayamba kugulitsa mankhwala ochedwa DBCP, akupha tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene tidya mizu ya mbeu. Kampani ya Shell inawagulitsa ndi dzina lakuti Nemagon, ndi ya Dow ndi dzina lakuti Fumazone. Mankhwalawo anagwiradi nchito, ndi zokolola zinacuruka. Koma pofika 1958 akatswiri oyesa mankhwalawo pa makoswe anali ataona kale kuti ziwalo zoberekera za makoswe amphongo zirikufota, ndipo mu 1961 zimenezi zinasindikizidwa. Komabe pa zitini panalibe mau ocenjeza mwamuna za ana ace.

Zinapita zaka 16. Mu 1977, pa fakitale ya Occidental Chemical ku Lathrop, m'dera la California, amuna osakaniza mankhwalawa anayamba kuzindikira poceza okha okha kuti pakati pao palibe amene alikubala mwana. Sanakhale cete. Ananka ku bungwe lao la anchito napempha kuti ayesedwe. Dotolo Donald Whorton anayesa amuna 25, napeza kuti mwa 14 a iwo mbeu yacimuna inali itatha, kapena itacepa kwambiri.

Pano tiime pang'ono, abale, pakuti pali cinthu cimene amuna ambiri sacidziwa. Amuna aja sanali odwala. Anali kudya bwino, kunyamula katundu, ndi kukhala ndi akazi ao monga mwa masiku onse. Sanagwe m'papaya ai. Cimene cinafa mwa iwo cinali cosaoneka ndi maso. Mbeu ya mwamuna ipangidwa kosalekeza m'thupi, ndipo itenga masiku oposa 70 kuti ikhwime; DBCP ipha gwero lace la mbeuyo. Ena amene anagwira mankhwalawo nthawi yaifupi anacira, koma ambiri amene anawagwira zaka ndi zaka sanacire konse.

Boma la America linaletsa mankhwalawo mu 1979, kupatula m'minda ya cinanazi ya ku Hawaii, kumene anatha mu 1985. Koma m'minda ya nthoci ya ku Costa Rica, Honduras, Nicaragua, Philippines ndi Ivory Coast anchito anapitirira kuwagwira ngakhale pambuyo pa 1977, coonadi citadziwika kale, ndipo ambiri anawagwira ndi manja opanda kanthu. Amuna zikwi zambiri anakhala osabala. Mu 1997 makampani opanga mankhwalawo anabvomera kupereka madola ngati 41 miliyoni kwa anchito pafupi fupi 26,000. Werengani nokha: munthu mmodzi madola ngati 1,600, ndiwo marial osafika 6,000. Malipiro otsikitsa amene lamulo la kuno linaika mu 2021 ndi marial 1,000 pa mwezi. Ndiko kuti mbumba yonse ya munthu, ana ndi adzukulu amene sanabadwe, inayesedwa ngati malipiro a miyezi isanu ndi umodzi. Mu 2005 anchito a nthoci a ku Nicaragua anali cifunirebe cilungamo. Anayenda pansi kucokera ku Chinandega kufikira ku Managua, mtunda woposa wa pakati pa Lilongwe ndi Kasungu, namanga misasa patsogolo pa nyumba ya malamulo.

Si nkhani ya kutali

Funsani anzathu a ku Kerala, m'dziko la India, amene tigona nao kampu imodzi. Kwao, m'boma la Kasaragod, ndege zinawaza mankhwala ochedwa endosulfan pa minda ya mitengo ya kashu zaka zoposa 20, ndipo m'midzi yoyandikana munabadwa ana ambiri opunduka thupi ndi nzeru. Adotolo anapezanso kuti anyamata a kumeneko alikucedwa kukula cinamwali. Bwalo lalikuru la milandu la India linaletsa mankhwalawo mu 2011.

Ndipo kwathu bwanji? Ndani wa ife sanaone munthu alikupopera thonje ku Chikwawa kapena ku Balaka ali cifuwa pamtunda, mpope ulikudontha pamsana? Ndani sanaone matenanti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji alikusakaniza mankhwala a pa nazale ndi dzanja? Pamene mbozi zija zinaononga cimanga mu 2017, anthu anagula mankhwala m'timabotolo topanda dzina pa msika, nawawaza ndi tsache kapena ndi tsamba, mai ali ndi mwana kumbuyo. Botolo likatha, asungiramo mafuta ophikira. Malawi ali nalo lamulo la mankhwala otere la caka ca 2000, ndi bungwe la Pesticides Control Board loyang'anira, koma bungwe silingaime pa munda uli wonse. Ndipo tsopano anyamata athu ali m'minda ya eni, ena m'minda ya mphesa ku South Africa, ena ku Israel kumene 221 ananyamuka pa ndege mu November 2023, ena kuno.

Mankhwala alowa m'thupi pa njira zitatu, pakamwa, pamphuno, ndi pakhungu, ndipo kwa wopopera njira yaikuru ndiyo khungu. Thukuta ndi kutentha zifulumizitsa kulowako. Khungu la kumalo obisika a mwamuna limwa mankhwala ena koposa kakhumi kuyerekeza ndi khungu la pamkono. Kwa mai woyembekezera miyezi itatu yoyamba ndiyo yoopsa, pakuti ndi pamene ziwalo za mwana ziumbidwa, nthawi zina mai asanadziwe n'komwe kuti waima. Mankhwala ena afika kwa mwana m'mimba, ena monga DDT apezeka mu mkaka wa m'mawere, ndipo adotolo a m'maiko ambiri aona kuti amai ogwira mankhwala ena a m'munda apita padera kawiri kawiri kuposa anzao.

Agogo athu a pa Wenela anabwera ku Joni ndi njinga, galamafoni ndi jekete. Anabweranso ndi pfumbi la m'migodi m'cifuwa, limene linawapha pang'ono pang'ono zaka zitapita. Makampani a golide anabvomera kulipira mlandu umenewo mu 2018, ambiri a eni mlandu ali kumanda. Cakudza siciimba ng'oma. Koma pfumbi linadya mwini yekha. Izi zidya ndi mwana yemwe. Akuru anati nkhuyu zodya ana zipota akuru. Pano mwambi watembenuka: nkhuyu adya ndi atate, koma wopotedwa ndi mwana amene sanaone dzuwa.

Ng'ombe yogunda

Tisapitirire muyeso. Sitinena kuti mankhwala onse a m'munda ali oipa, kapena kuti bwana ali yense ali wouma mtima. Popanda mankhwala thonje lidyedwa, anankafumbwe atha nkhokwe, udzudzu upha ana. Dziko lino, kuyambira June 2017 pamene maiko oyandikana anatseka malire kwa zaka zitatu ndi theka, linalimbika kulima cakudya cace, ndipo m'nyumba zotentha za mapulasitiki tizirombo ticuruka msanga; wina ayenera kupopera. Nchito imeneyi ndi yaulemu, ndipo alipo mabwana amene apereka zobvala zonse nawaphunzitsa anchito ao. Mankhwala ali ngati moto: uphika nsima, utenthanso nyumba. Tsono mlandu uyamba pati?

Cilamulo ca Mose citiyankha ndi nkhani ya ng'ombe. Pa Eksodo 21 tiwerenga kuti ng'ombe ikagunda munthu nafa, ng'ombeyo iphedwe, koma mwini wace alibe mlandu. Koma ngati ng'ombeyo inali yogunda kale, ndipo mwini anauzidwa, osaitsekera, pamenepo mlandu wa mwazi uli pa iye. Ng'ombe ndi yomweyo, imfa ndi yomweyo. Cimene casintha ndi kudziwa. Tsiku limene akatswiri anaona makoswe aja, mwini ng'ombe anauzidwa. Tsiku limene amuna a ku Lathrop anayesedwa, anauzidwa kaciwiri. Kutenga ng'ombe yotere ndi kukaimasula m'mudzi wa anthu osauka a kutali, cifukwa kwanu aikana, ndi chimo, ngakhale lamulo la dziko lakutalilo likhale cete. Pa Deuteronomo 22 womanga nyumba alamulidwa kuchinga m'mbali mwa tsindwi kuti munthu angagwe. Mlendo wokwera pa tsindwi akwera mwa kufuna kwace, komabe kuchinga kuli kwa mwini nyumba. Magolovesi, majombo, ovololo, cophimba pamphuno, sopo ndi madzi, ndi mau omveka a m'cinenero cimene wanchito amva, ndiwo mpanda wa pa tsindwi. Si mphatso ya bwana wacifundo. Ndi mangawa ace.

Bungwe la maiko loona za anchito, la ILO, linalemba zomwezi m'pangano lace la 2001 la nchito za m'minda: kuti wanchito auzidwe za zoopsa, kuti ali ndi ufulu wocoka pa malo pamene moyo wace uli pangozi, ndi kuti amai apakati ndi oyamwitsa asamalidwe mwapadera. Anthu a dziko anafika mocedwa pamene Mose anafika kale.

Munda wa Naboti

Koma mbale uja anati, "Munasaina nokha." Ndipo wina angaonjeze kuti, "Ngati andiuza zonse, nandionjezera ndarama, ine ndibvomera. Thupi ndi langa." Tiyankha ndi mau atatu.

Coyamba, munthu sabvomera cimene sacidziwa. Ukagulitsa mbuzi, wogula nakutengera ndi ng'ombe usiku, sanganene kuti munapangana. Pa pepala tinasaina panalembedwa maola, malipiro, cakudya ndi pogona. Za ana panalibe.

Caciwiri, mphamvu yakubala siiri ya mwamuna yekha kapena ya mkazi yekha. Kwathu ukwati uli ndi ankhoswe cifukwa si wa anthu awiri. Mkazi wotsala kumudzi alikulima yekha, alikuyembekeza, sanasaine kanthu. Mwana wobadwa wopunduka sanasaine kanthu. Palibe munthu angagulitse munda wa mbumba popanda kufunsa eni mbumba.

Cacitatu, ziripo zinthu zimene sizigulitsika ngakhale mwini afune. Kumbukani Naboti pa 1 Mafumu 21. Mfumu Ahabu sanayambe ndi kulanda. Anayamba ndi malonda abwino, munda woposa kapena ndarama zokwanira. Naboti anakana, osati cifukwa mtengo unacepa, koma cifukwa mundawo unali colowa ca makolo ace, cimene iye anangosungira obwera m'mbuyo. Matupi athu ali otero. Moyo tinaulandira kwa makolo, ndi makolo kwa Mulungu, kuti tiupatsire ena. Tibwereka bwana mikono yathu, ndipo tigwire nchito yace mokhulupirika, osaba nthawi, osanyinyirika; koma colowa siticiika pa msika.

Tidziwa mau amene ali m'mitima yanu: "Njala ilibe mwambi. Kumudzi kuli fizi, feteleza, malata, ndi ngongole ya amene anatitumiza kuno." Zoona. Esau nayenso anali ndi njala yeni yeni pamene anagulitsa ukulu wace ndi mbale ya mphodza. Koma ife tiona kuti wocimwa kwambiri pa tsiku lija anali wophika, amene anaona mbale wace alikukomoka namuikira mtengo. Cifukwa cace sitiweruza wosauka amene agwira nchito yoopsa posowa pogwira. Tinena kuti njala ya wanchito sicotsa mlandu wa womlemba, koma iukulitsa. Ndipo tifunsa mbale yense funso limodzi: tinadzera ciani kuno? Si kuti timange nyumba ya ana? Tsono tipindulanji kumanga nyumba ya malata ya zipinda zinai ngati njira yopezera malatawo ndiyo itseka khomo la ana?

Mlandu wathu

N'kwapafupi kuloza cala makampani a kutali. Koma nkhani ya ng'ombe itigwira ifenso, pakuti kuyambira lero inu owerenga mwauzidwa. Mneneri Ezekieli, pa mutu 33, afanizira mlonda amene aona lupanga lirikudza koma osaomba lipenga. Mwazi wa ophedwa ufunsidwa kwa iye. Kapitao amene atuma mnyamata watsopano kulowa m'nyumba yongopoperedwa kumene, kuti nchito ithe msanga, ndiye mlonda wotere, ngakhale akhale mkuru wa mpingo. Wanchito wakale amene aseka mnzace wobvala magolovesi namuyesa wamantha, ndiye mlonda wotere. Ifenso tinali otero pa Lacisanu lija, pamene tinamva pfungo m'manja mwa mbale wathu ndi kungoseka.

Ndipo pali chimo lina la pafupi koposa, la m'nyumba. Banja likakhala lopanda mwana, cala ciloza kwa yani? Kawiri kawiri kwa mkazi. Amuchula cumba. Amtengera kwa asing'anga, amumwetsa mizu yowawa, aombeza ula napeza azakhali kapena agogo osalakwa. Mwamuna ali kunja alemba kalata yomsudzula, kapena akwatira wina mobisa, kapena acibale apangana zolowetsa fisi m'nyumba. Koma bungwe la zaumoyo la WHO linanena mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi ali yense pa dziko lapansi akomana ndi bvuto la kusabereka pa moyo wace, ndipo adotolo adziwa kuti pafupi fupi theka la mabanja otere bvuto likhudza mwamuna. Taganizani akazi a amuna aja a m'minda ya nthoci, zaka zimene ananyozedwa ndi kusiyidwa pa cifukwa ca citini cimene sanacione n'komwe.

Pamene akuphunzira anaona munthu wobadwa wakhungu, pa Yohane 9, anafuna kudziwa wocimwa, iye kapena akumbala. Ambuye anakana zonse ziwiri, natembenukira kukumthandiza. Hana analira m'nyumba ya Mulungu cifukwa ca citonzo ca mkazi mnzace, koma Elikana mwamuna wace sanamtaye. Zakariya ndi Elizabeti anakalamba opanda mwana, ndipo Luka awachula olungama. Banja lopanda mwana ndi banja ndithu pamaso pa Mulungu. Mwamuna amene mbeu yace yatha sanaleke kukhala mwamuna, ndipo palibe manyazi kukayesedwa. Kuyesako n'kwapafupi, sikupweteka. Manyazi eni eni ndi kusenzetsa mkazi katundu amene kapena ali wako.

Ticitenji tsono?

Lamulo la kuno la 2021 liletsa nchito ya panja kuyambira 10 koloko m'mawa kufikira hafu pasiti 3 masana, kuyambira 1 June kufikira 15 September, ndipo tiyamika. Dzuwa lioneka, ndi cifukwa cace licedwa kuiwalika. Mankhwala saoneka, tsono tikumbutsane tokha.

Dziwani dzina la cimene mupopera. Jambulani pepala la pa botolo ndi foni yanu, ndipo lembani m'kabuku masiku amene munapopera; anchito ambiri a nthoci anabvutika m'mabwalo a milandu posowa umboni wotere. Mukaona cithunzi ca cigaza ndi mafupa, dziwani kuti mwagwira cakupha. Ngati simumva Cizungu kapena Ciarabu, funsani wodziwa. Safunsa anadya phula.

Bvalani zonse zimene apereka, ngakhale kutenthe, ndipo pemphani zimene sapereka. Kansaru konyowa ndi mankhwala pamphuno kaipa koposa kusabvala kanthu. Musadye, musamwe, musasute muli pakati pa nchito. Sambani m'manja ndi sopo musanapite kukataya madzi. Poweruka sambani thupi lonse, capani zobvala za nchito pa zokha, ndipo musazipacike pa bedi m'cipinda mogona anzanu. Musalowe mopoperedwa nthawi yolembedwa pa botolo isanakwane. Musatenge mankhwala a kumunda kukaphera nsikidzi m'cipinda, makamaka mibulu ija yofukizira cimanga. M'maiko a kuno ku Gulf anthu, ndi ana omwe, anafa nayo ali m'tulo.

Alongo athu ogwira nchito ya m'minda ndi yoyeretsa, mukaona kuti mwaima, pemphani msanga kuti akucotseni pa mankhwala. Ndipo amuna, lembani kumudzi, uzani amai a kunyumba kuti asapopere ali ndi pakati kapena ali ndi mwana kumbuyo, ndi kuti mabotolo otha awaboole, asasungiremo cakudya kapena madzi.

Pokapempha kwa kapitao musapite nokha. Mutu umodzi susenza denga. Pitani awiri kapena atatu, mwaulemu, opanda mwano. Akakana, Unduna wa za Nchito ulandira madandaulo, ndipo akuru a mpingo ali okonzeka kukuperekezani, kumeneko ndi ku cipatala ca anchito komwe. Amuna a ku Lathrop analibe maphunziro apamwamba; anangolimba mtima kuuzana cinthu ca manyazi, ndipo kulankhula kwao kunapulumutsa anthu ambiri amene sanawaone.

Mbale wathu uja tinakomana naye kaciwiri pa sitesheni pomwepo. Anationetsa cithunzi ca botolo m'foni mwace, natiuza kuti iye ndi anzace awiri anapempha magolovesi aatali, ndipo anawapatsa. Walembera mkazi wace kuti pa chuthi cikudzaci adzapita onse awiri ku cipatala, ndi kuti iye ndiye adzayamba kuyesedwa. Timkumbukire m'mapemphero, iye ndi mkazi wace, pamodzi ndi mabanja onse amene alikuyembekeza.

Mulungu amene atiumba m'mimba mwa amai athu asunge manja anu pa nchito, apatse mabwana athu mtima woopa Iye, ndipo atibweze kwathu amoyo ndi amphumphu. Amen.